Za Maliya wa pabwalo ndi buluku la pamsika

Ku Nachisaka, monga m'midzi yambiri ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, anthu akangomaliza kukolola ng'oma za gule wamkulu sizisowa. Mbalule ikalira pa chiliza kapena pa chinamwali, nthawi zina pamatuluka Maliya: nkhope yosalala, duku kumutu, ndolo m'makutu, chitenje chomanga bwino m'chiuno. Amayenda monyang'wa, ndipo amayi oimbira amamulandira ndi nthungululu.

Ku dambwe kumalowa amuna okhaokha, aliyense amadziwa. Koma palibe amene amaloza chala, chifukwa kwa eni mwambo chimene chaima pabwalopo si munthu ayi, ndi chilombo chochokera kwa mizimu. Amishoni, omwe ku Dowa anamanga ku Mvera mu 1889, analimbana naye kwambiri gule. Iye sanafe. Anatola mayina awo omwe, a Maliya ndi a Simoni, n'kuwavinitsa, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi.

Kunja kwa bwalo, chovala chakhala chikupalamulitsa anthu. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi. Lamulolo linachotsedwa mu 1993, koma m'mitima ya ena linatsalira. Mu Januwale 2012, anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe ndi Mzuzu anayamba kugwira amayi ovala mabuluku n'kuwavula pagulu. Ankati akuteteza chikhalidwe. Chikhalidwe chake chiti chimene chimalola mnyamata kuvula mayi pamsika? Amayi anachita chionetsero ku Blantyre, ndipo a Joyce Banda, omwe anali wachiwiri kwa pulezidenti, anali nawo limodzi. Lero mtsikana wa buluku sadabwitsanso, ngakhale kuti popita kumaliro amakulungirabe chitenje pamwamba.

Kwa wobadwa mwamuna amene wavala diresi masana popanda chigoba, njira ikadali yaminga. A Tiwonge Chimbalanga, omwe ambiri ankawatchula kuti Aunt Tiwo, ankavala zachikazi tsiku ndi tsiku, kuntchito ndi kutchalitchi komwe, ndipo ankadziona kuti ndi mkazi. Atachita chinkhoswe ndi a Steven Monjeza ku Chirimba mu Disembala 2009, onse awiri anamangidwa. Mlandu umene anawazenga sunali wa zovala, komabe khamu lomwe linkadzadza pakhoti ku Blantyre linkabwera kudzaona kavalidwe kawo ndi kudzawakuwiza, zinthu zosayenera kumchitira munthu aliyense. Mu Meyi 2010 analamulidwa kukakhala kundende zaka 14. Patangotha masiku ochepa, pulezidenti wa nthawiyo, a Bingu wa Mutharika, anawakhululukira atakumana ndi mkulu wa United Nations, a Ban Ki-moon.

Ngakhale anatuluka m'ndende, a Tiwonge sanathenso kukhala mwamtendere kwawo kuno. Anachoka m'dziko n'kukapempha malo othawirako ku Cape Town, ku South Africa.