Equinor ndi Magetsi a Mphepo Panyanja ya North Sea

Kampani ya Equinor ya ku Norway, yomwe inakhazikitsidwa mu 1972 ndi dzina la Statoil ndipo magawo 67 pa 100 aliwonse a umwini wake ali m'manja mwa boma, imapopa mafuta ndi gasi pansi pa nyanja ya North Sea. Mu 2018 inasintha dzina posonyeza kuti ikufuna kuyamba kudalira mphamvu zosatulutsa mpweya wochuluka wa carbon dioxide, umene umaunjikana mumlengalenga n'kutenthetsa dziko lapansi.

Ntchito yake yochititsa chidwi kwambiri ndi Hywind Tampen, kumene makina 11 opanga magetsi ndi mphepo amayandama pamadzi akuya, atamangiriridwa ndi zingwe zolimba ku anangula ozikidwa pansi pa nyanja. Komabe magetsi amenewa, okwana mamegawati 88, safika m'nyumba za anthu koma amathandiza kuyendetsa ntchito yopopa mafuta pamalo a panyanja otchedwa Snorre ndi Gullfaks, kotero kuti mpweya woipa umachepa pamalo opoperapo okha, pomwe mafutawo akawotchedwa m'maiko ena amawonongabe nyengo. Chodetsa nkhawa n'chakuti mu 2025 kampaniyi inachepetsa ndalama zimene inakonza kuika pa magetsi a mphepo ndi dzuwa.