Nkhuni za ku Dowa, nkhondo ya ku Congo

Lachiwiri lililonse kukamacha, njinga zakapalasa zimatsika m'zitunda za Dowa zitasenza matumba a makala, mitolo ya nkhuni, mbatata ndi madengu a tomato. Zonse zimalunjika ku Dzaleka, kumene msika waukulu wa pa sabata umadziwika ndi dzina la Chifalansa lakuti Mardi Marché. Wogulitsa amatsatsa m'Chichewa, wogula n'kunenerera m'Chiswahili, wina pambali akudandaula za mtengo m'Chirundi. Kuseri kwa nyumba za zidina zothithikana kukuoneka mapiri ometedwa mpala, amene akuluakulu a kuno amawakumbukira ali ndi misuku ndi miombo.

Mukafunsa m'midzi yozungulira kuti mitengo inapita kuti, chala chimaloza ku kampu. Mukafunsa m'kampumo, amati iwo amangogula, odula ndi eni mudzi. Onsewa sakunama, koma mlanduwu sunayambire pa Dowa.

Boma la Malawi ndi bungwe la UNHCR anatsegula kampu ya Dzaleka mu 1994, chaka chimene anthu ankaphana mwankhanza ku Rwanda. Malowo anakonzedwera anthu 10,000 mpaka 12,000, koma lero muli anthu opitirira 50,000. Ambiri ndi ochokera ku Democratic Republic of Congo, ena ku Burundi ndi Rwanda, ochepa ku Ethiopia ndi Somalia. Alipo amene anabadwira pomwepo, ndipo tsopano nawonso akubereka ana kumbuyo.

Kum'mawa kwa Congo, kumene ambiri anathawa, nthaka ili ndi golide ndi miyala ya coltan, imene imalowa m'mafoni ndi m'makompyuta a dziko lonse. Mu 2024 zigawenga za M23 zinalanda migodi ya coltan ya ku Rubaya, ndipo mu January 2025 zinalowa mumzinda wa Goma. Akatswiri a United Nations akhala akunena kuti dziko la Rwanda limathandiza gululi. Mwalawo umatuluka m'dzikomo n'kukalemeretsa makampani akutali. Mayi amene wathawa mfuti ku Kivu amayenda ulendo wake wina, wodzera ku Tanzania mpaka kufika ku Dowa, kumene ayenera kuphikira ana ake nyemba. Aliyense amene anaphikako nyemba zouma amadziwa mmene zimadyera nkhuni.

Akafika kuno, lamulo limamumanga miyendo. Pamene Malawi ankavomereza pangano la mayiko la 1951 lokhudza othawa kwawo, anakana mfundo zina, kuphatikizapo ufulu wokhala kumene munthu wafuna ndi wogwira ntchito momasuka. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989. Kwa zaka zambiri boma linkangoyang'ana kumbali pamene ena ankatuluka m'kampu kukatsegula timagolosale ku Lilongwe ndi m'matauni ena. Mu March 2023 linalamula kuti onse abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 April. Mu May apolisi ndi asilikali anayamba kuwagwira, ndipo ambiri, pamodzi ndi ana, anayamba agona kundende ya Maula asanawatumize kukampu.

Unduna wa za chitetezo cha m'dziko, umene panthawiyo unkatsogozedwa ndi a Ken Zikhale Ng'oma, unati ukuteteza dziko ndi malonda a Amalawi. Ochita malonda ena, amene ankadandaula kuti "Maburundi" akuwalanda msika, anaomba m'manja. Mabungwe monga Human Rights Watch ndi CHRR anadzudzula, makamaka za kutsekera ana m'ndende. Chaka chomwecho bungwe la WFP linadula ndi theka thandizo la chakudya ku Dzaleka chifukwa ndalama zinachepa, ndipo mu 2025 boma la America linadulanso thandizo lake m'mayiko ambiri. Anthu amene ankadzidyetsa okha anabwezedwa pamzere wolandira, nthawi imene mphika wake unali kuphwa.

Naye mlimi wa kumudzi sali pabwino. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, thumba la feteleza linafika posafikirika. Fodya amalipira kamodzi pachaka, ndipo nayenso amafuna mitengo ya zigafa. Makala ndiwo ndalama yapafupi. Lamulo la nkhalango limene linakhwimitsidwa mu 2020 limapereka zilango zowawa, koma amene amagwidwa pamsewu kawirikawiri ndi wanjinga uja. Tisaiwalenso kuti Amalawi opitirira 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo Lilongwe, amene ali makilomita osakwana 50 kuchokera ku Dzaleka, ali ndi mbaula zambiri kuposa za m'kampu.

Pamwamba pa zonsezi mvula yasiya kudalirika. Utsi umene Malawi amatulutsa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mayiko a mafakitale, koma namondwe wa Freddy mu March 2023 anapha anthu mazanamazana m'dziko muno. Pamsonkhano wa COP27 ku Sharm el-Sheikh mu 2022, mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lolipira zoonongeka ngati izi. Amene akulima pamtsetse wopanda mitengo ku Dowa, nthaka ikukokoloka chaka ndi chaka, akudikirabe.

Mukakwera chakumpoto mumafika kunkhalango ya Ntchisi, imodzi mwa nkhalango zochepa zobiriwira chaka chonse zimene zatsala m'dziko muno. Mbiri imati m'zaka za m'ma 1800 Achewa ankabisala m'phirimo pothawa nkhondo ya Angoni. Dzaleka nayenso ali ndi mbiri yake. Nthawi ya Kamuzu Banda panali ndende ya andale, ndipo anthu amati dzinali linachokera ku mawu akuti "ndidzaleka". A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, anadzaza ndendeyo, ndipo ena zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia mu 1972. Kenaka ifenso tinasunga anthu a ku Mozambique opitirira 1 miliyoni, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ili mkati. Kuthawa timakudziwa, kulandira alendo timakudziwanso.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mu 2014 mlakatuli wa ku Congo, Menes la Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini m'kampu momwemo, ndipo chimakopa anthu ochokera ku Lilongwe ndi kunja. Ku Uganda othawa kwawo amapatsidwa kamunda ndipo amaloledwa kugwira ntchito. Mphunzitsi kapena namwino wa ku Dzaleka ataloledwa kulandira malipiro ngati anzake, akhoza kugula gasi kapena kulipira magetsi, ndipo wanjinga uja akhoza kumugulitsa tomato wambiri m'malo mwa makala. Zimenezi zili m'manja mwa aphungu a ku Nyumba ya Malamulo, osati mwa akuluakulu a UNHCR. Podikira iwo, Lachiwiri likubwerali njinga zidzatsikanso, ndipo odula nkhuni adzakhala atalowera chakumtunda pang'ono kuposa sabata yatha.