MAERE, MPHEPO NDI MAFUNDE: KODI ZA MWAYI ZINGAKHALE LUSO?

Pa 25 Ogasiti 2007, mu mzinda wa Cologne m'dziko la Germany, anthu anasonkhana m'chalichi cacikulu ca Katolika kudzaona zenera latsopano. Zenera lakale la mbali ya kumwera linasweka pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, ndipo ansembe oyang'anira chalichico anafuna poyamba kuti pamalopo pajambulidwe amaritiri a zaka za m'ma 1900. Nchitoyo anaipereka kwa Gerhard Richter, katswiri wa zojambula wobadwa mu 1932. Koma anthu atakweza maso sanaone nkhope ya woyera aliyense. Anaona timagalasi 11,263 ta ngodya zinai, ta mitundu 72, tongosakanikirana. Malo a kagalasi kalikonse anasankhidwa ndi kompyuta imene inali kuturutsa manambala mwa maere.

Kardinala Joachim Meisner, amene anali Arkiepiskopi wa Cologne nthawi imeneyo, sanakondwere nazo, ndipo ananena poyera kuti zenera lotere likanakhala bwino mu mzikiti kapena m'nyumba ina ya mapemphero. Ena anaima nthawi yaitali akuyang'ana kuwala kwa dzuwa kukutsikira pazipilala ndi pansi, nati sanaonepo cokongola cotere. Funso limene linawagawa ndi limene tifuna kulisinkhasinkha pamodzi ndi inu, awerengi athu: ngati mmisiri asiya mbali ya nchito yake m'manja mwa maere, mphepo kapena madzi, kodi wacita luso kapena wathawa nchito?

Munthu amene anapeka nyimbo poponya ndalama

Amene anachukitsa njira imeneyi m'zoimbaimba ndi John Cage wa ku America, amene anabadwa mu 1912 namwalira mu 1992. Mu 1951 iye anayamba kugwiritsa nchito buku lakale la ku China lochedwa I Ching. Munthu amaponya ndalama zitatu zacitsulo kasanu ndi kamodzi, ndipo mmene zagwera zimamulozera ku cimodzi mwa zizindikiro 64. Cage analemba ndandanda za maliwu, za kutalika kwake ndi za mphamvu yake, ndipo ndalamazo ndizo zinasankha cimene cibwere patsogolo ndi cimene citsate. Umu ndi mmene anapekera nyimbo ya piyano yochedwa Music of Changes. Sinali nchito ya tsiku limodzi. Inamutengera miyezi yambiri, cifukwa pa kacigawo kalikonse anayenera kuponya, kuwerenga ndi kulemba.

Cimene Cage anali kuthawa ndi cizolowezi cake. Tonse tidziwa kuti woimba limba m'chalichi akangoika zala, zimathamangira kumene zinazolowera, ndipo wopeka nyimbo za kwaya kawirikawiri amabwereza njira imene inamuyendera bwino kale. Cage anafuna kumva maliwu amene mtima wake sukanawasankha.

Pa 29 Ogasiti 1952, ku Woodstock m'cigawo ca New York, woimba piyano David Tudor anakhala pampando kuti aimbe nyimbo ina ya Cage imene dzina lake ndi utali wake: mphindi 4 ndi masekondi 33. Sanagunde liwu ngakhale limodzi. Anali kungotseka ndi kutsegula cophimba piyano posonyeza zigawo zitatu za nyimboyo. Nyumba yoimbiramo inali m'nkhalango, ndipo monga Cage anasimbira pambuyo pake, kunamveka mphepo m'mitengo, kenaka madontho a mvula padenga, potsiriza anthu akung'ung'udza ndi kuturuka. Ambiri anakwiya poganiza kuti awapusitsa. Koma nyimboyo inali yomweyo imene anali kuimva, ndipo sinamvekenso cimodzimodzi pena paliponse, popeza malo alionse ali ndi mphepo yake ndi cifuwa ca anthu ake. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Cage anapempha kudekha kwa makutu.

Zoimbira zopanda woimba

Maganizo olola cilengedwe kuimba sanayambe ndi Cage. Mu 1650 Bambo Athanasius Kircher, wansembe wa cipani ca Ayezuiti amene anali kuphunzitsa ku Roma, anafotokoza m'buku lake la zoimbaimba za bokosi la thabwa lomangidwa nsambo ngati bangwe, limene limalira lokha likaikidwa podutsa mphepo. Mmisiri amakunga nsambozo, koma nthawi yolira ndi kukula kwa liwu zimadalira mphepo ya tsikulo.

M'masiku athu ano amisiri amamanga zinthu zotere pamalo amodzi, zazikulu kotero kuti munthu amayenda pamwamba pake kapena m'kati mwake. Citsanzo comveka ciri mu mzinda wa Zadar m'dziko la Croatia, m'mbali mwa nyanja ya Adriatic. Mu 2005 katswiri wa zomanga Nikola Bašić anakonza gombe la mzindawo poika masitepe amiyala otsikira m'madzi pa utali wa mamita 70. Pansi pa masitepewo anaika mapaipi 35. Funde likabwera limakankha mpweya m'mapaipimo, mpweyawo nuturukira pa zibowo za m'miyala ngati kulira kwa limba. Nyanja ikakhala bata limbalo limangonong'ona, ngalawa ikadutsa limakweza mau, ndipo pa tsiku la namondwe limabangula.

Apa mpofunika kuchera khutu. Mapaipi aja sanaponyedwe cisawawa. Lirilonse linadulidwa ndi kucunidwa kuti mau ake agwirizane ndi anzake, kotero kuti funde lirilonse, lalikulu kapena laling'ono, silingaturutse phokoso losokoneza. Nyanja imasankha nthawi ndi mphamvu. Maliwu oti isankhepo anaikiratu ndi munthu.

Mono ndi nsomba

Tikaonetsetsa, amisiri onsewa acita monga msodzi wa mono. Iye amasankha bango labwino, amaluka mosamala, amadziwa pamene madzi amathamanga, nachera mono wake pomwepo. Koma sasankha nsomba imene idzalowe usiku umenewo. Palibe angamunene kuti ndi waulesi cifukwa sanalamule nsomba, ndiponso palibe angakane kuti mono wolukidwa mwamphwayi sugwira kanthu.

Ndi mmenenso zinaliri ku Cologne. Richter sanatenge mitundu iriyonse imene anaipeza. Anasankha mitundu 72 imene imapezeka kale m'mazenera akale a chalichi comweco, kuti latsopanolo lisaoneke ngati mlendo pakati pa abale ake. Kompyuta inasankha malo a timagalasi pa mbali zina zokha, ndipo mbali zinazo anazikonza kuti zibwereze zoyambazo monga nkhope pa kalirole. Motero diso limamva kuti pali dongosolo ngakhale silingaloze pamene lagona. Ndipo pali cina cimene kompyuta ndi Richter yemwe sakanacilamula: dzuwa. Popeza zeneralo linayang'ana kumwera, kumene dzuwa limadzera m'maiko a ku Ulaya, kuwala kwake kumasintha ola ndi ola, ndipo pa tsiku la mitambo limaoneka ngati zenera lina.

Nanga Kardinala analakwa?

Sitiyenera kutaya nkhawa ya Kardinala Meisner mwamsanga. Kwa zaka mazana ambiri mazenera a m'machalichi anali katekisimu wa anthu osadziwa kuwerenga. Mayi anali kuloza mwana wake cithunzi nati, uyu ndi Petulo, uyu ndi Maria. Zenera la Richter silingaphunzitse mwana dzina la maritiri ngakhale mmodzi, ndipo amaritiri a m'ma 1900, amene anayenera kukumbukiridwa pamenepo, sanapeze malo. Imeneyo ndi mbali imene inatayika ndithu.

Komanso Malembo Oyera satiuza kuti maere ndi oipa nthawi zonse. Asilikari anacita maere pa malaya a Ambuye pansi pa mtanda, ndipo kumeneko kunali kusasamala kwa anthu ouma mtima. Koma m'buku la Nchito za Atumwi timawerenga kuti posankha wolowa m'malo mwa Yudasi, ophunzira anayamba apatula amuna awiri oyenera, napemphera, kenaka anacita maere amene anagwera Matiasi. Kusiyana kwa maere awiriwa kuli pa zimene zinacitika maerewo asanaponyedwe. Asilikari anangofuna covala. Atumwi anacita mbali yao yonse, nasiya cotsalaco kunja kwa zofuna zao.

Muyeso womwewo ungatithandize tikakumana ndi luso la mtundu umenewu, limene poyamba lingaoneke ngati masewera a anthu okhuta. Tifunse kuti mmisiri anakonzekera ciani, anasankha ciani ndi manja ake, ndipo anasiya ciani mwadala. Pamene palibe kukonzekera, za mwayi zimabala cisokonezo cabe. Pamene mmisiri wagwira nchito yake mokhulupirika nasiya khomo lotsegula, pamalowa zinthu zimene iye mwini sakanaziganiza.

Zenera la ku Cologne lidakalipo, ndipo anthu amasiyanabe maganizo pa ilo. Masana dzuwa likafika kumwera, mitundu yake imagwera pa oyamikira ndi otsutsa omwe, ndipo palibe mwa iwo amene angauziretu mnzake kuti lero pa dzanja lake pagwera wofiira kapena wobiriwira.