Musanalipire Koleji Yauphunzitsi

Achinyamata a ku Kalingalinga ndi ku Mtendere amakonda kundifunsa ngati munthu angayambire ku koleji n'kudzamaliza digiri yauphunzitsi ku UNZA. Yunivesitiyo ili pakhomo pawo penipeni, koma fizi yake si yamasewera. Yankho langa ndi lakuti n'zotheka, ndipo njirayi ndimaivomereza ndi mtima wonse. Mumayamba ndi dipuloma ya zaka zitatu, monga ya ku Evelyn Hone College, kenako n'kupitiriza digiri ku UNZA kapena ku Chalimbana University, ngakhale muli kale pantchito.

Chimene chimandiwawa ndi timakoleji tosavomerezeka tomwe timatsegulidwa m'makomboni. Mayi amalawirira m'bandakucha kukapikula tomato ku Soweto Market kuti alipirire mwana, mapeto ake pepala la mwanayo likukanidwa. Lamulo la 2013 linakhazikitsa Teaching Council of Zambia, ndipo wosalembetsa kumeneko saloledwa kuphunzitsa. Pamene boma linkalemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, chiphaso cha bungweli chinkafunika.

Makolo anzanga, musanatulutse ngwee, kafunseni kaye ku bungweli ngati limavomereza dipuloma ya kolejiyo.