Lente yojambulira nyenyezi: zoyenera kuona munthu asanatulutse ndalama

Mvula ikatha, chisanu n'kuyamba, thambo la usiku m'zigawo za Tete ndi Niassa limayera kwambiri. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, munthu akatalikira magetsi pang'ono, kaya ku Ulónguè, ku Furancungo kapena m'mbali mwa nyanja ku Metangula, amaona Mlalang'amba utayala ngati utsi woyera kuchokera mbali ina ya thambo kukafika mbali inayo. Achinyamata amene amapezera ndalama pa kamera, ojambula maukwati, ubatizo ndi zithunzi za ziphaso, amalakalaka kuti zimenezi zilowenso m'kamera mwawo. Koma kawirikawiri amabwerako ndi chithunzi chakuda bii, kapena nyenyezi zooneka ngati mpunga womwazika.

Zikatero, ena amaganiza kuti kamera ndi yachabe. Ena amasonkhanitsa ndalama n'kuitanitsa lente yaitali yokokera zinthu zakutali, poganiza kuti popeza nyenyezi zili kutali, mankhwala ake ndi amenewo. Apa m'pamene ndalama zimatayikira. Lente, limene ndi diso lagalasi lakutsogolo kwa kamera, imadya masauzande ambiri a meticais, ndipo ikachokera ku Maputo kapena ku Johannesburg n'kovuta kuibweza. Thambo la usiku limafuna lente yosiyana ndi imeneyo: yoona malo aakulu nthawi imodzi, komanso yolowetsa kuwala kochuluka. Zonse ziwirizi zimalembedwa pa lente penipenipo.

Nambala ziwiri zolembedwa pa lente

Makamera ambiri otsika mtengo, monga Canon 2000D ndi Nikon D3500, amagulitsidwa ndi lente yolembedwa kuti 18-55mm f/3.5-5.6. Nambala yoyamba, ya mamilimita, imanena kukula kwa malo amene lente imaona. Ikakhala yaing'ono, monga 14 kapena 18, lente imaona malo aakulu. Ikakhala yaikulu, monga 200 kapena 300, imaona kachigawo kakang'ono koma mokulitsa.

Nambala yachiwiri, yoyamba ndi f, imanena za chibowo cholowera kuwala, chimene m'Chipwitikizi amati abertura. Pano ambiri amasokonezeka, chifukwa nambala ikachepa m'pamene chibowo chimakula. Ndondomeko yake ndi iyi: f/1.4, f/2, f/2.8, f/4, f/5.6. Munthu akachoka pa nambala ina kupita pa yotsatira, kuwala kumachepa ndi theka. Choncho f/1.4 imalowetsa kuwala kowirikiza kanayi kuposa f/2.8, ndi kowirikiza ka 16 kuposa f/5.6.

Masana kusiyana kumeneku sikudandaulitsa, pakuti dzuwa limakwanira aliyense. Usiku kuwala kwa nyenyezi n'kochepa kwambiri, ndipo kamera imakutunga pang'onopang'ono ngati madzi a pachitsime chouma. Lente ya 18-55mm ikakhala pa 18 imatseguka mpaka f/3.5, koma ikakokedwa kufika pa 55 imangofika f/5.6. Lente ya f/2.8 imaiposa f/3.5 ndi theka la kuwala kwake, ya f/1.8 imaiposa pafupifupi kanayi, ndipo ya f/1.4 imaiposa kasanu ndi kamodzi. Ojambula nyenyezi amatenga f/2.8 ngati poyambira pabwino.

Chifukwa chake lente yaitali siithandiza

Wina angafunse kuti: ngati kuwala n'kochepa, bwanji osangosiya kamera ili chitsegukire kwa mphindi zisanu? Vuto n'lakuti dziko limazungulira. Pa ola limodzi nyenyezi zimasuntha madigiri 15 kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo. Maso saona zimenezi, koma kamera imaona, ndipo ikakhalitsa chitsegukire nyenyezi iliyonse imasanduka kamzere. Lente yaitali imakulitsa nyenyezi pamodzi ndi kusuntha kwake, n'chifukwa chake mizereyo imaoneka msanga.

Ojambula ali ndi kawerengedwe kosavuta: amatenga 500 n'kugawa ndi mamilimita a lente, ndipo yankho lake ndi masekondi amene kamera ingakhale yotsegula nyenyezi zisanayambe kutalika. Pa 14mm ndi masekondi pafupifupi 35, pa 24mm ndi 20, pa 50mm ndi 10, pomwe pa 200mm ndi awiri ndi theka basi. Makamera atsopano amaonetsa tinthu ting'onoting'ono kwambiri, choncho ambiri amachepetsako masekondiwo kuti nyenyezi zikhale zobulungira bwino.

Palinso chifukwa china. Chigawo chowala kwambiri cha Mlalang'amba, chimene ndi pakati pake, chimadutsa pafupifupi pamutu penipeni kwa anthu a kuno. Anthu a ku Ulaya amachiona chili m'munsi, pafupi ndi pamene thambo limakumana ndi dziko. Kuno chimakwera kufika madigiri pafupifupi 75. Ndi mwayi waukulu, koma zikutanthauza kuti wofuna kujambula mlambe, phiri kapena bwato pamodzi ndi nyenyezizo afunika lente yoona kuchokera pansi mpaka kumwamba. Lente ya 14mm pa kamera yaikulu imaona madigiri oposa 100 m'litali mwa chithunzi, pomwe ya 24mm imaona 74.

Izi sizikutanthauza kuti nambala yaing'ono kwambiri ndiyo yabwino nthawi zonse. Lente ya 24mm f/1.4 yotsegulidwa masekondi 20 imasonkhanitsa kuwala kowirikiza pafupifupi katatu kuposa ya 14mm f/2.8 yotsegulidwa masekondi 30. Yoyambayo imapereka chithunzi choyera, yachiwiriyo imapereka thambo lalikulu. Wojambula amasankha malinga ndi chithunzi chimene akufuna komanso thumba lake.

Kamera yake ndi yamtundu wanji?

Asanaitanitse chilichonse, munthu adziwe zinthu ziwiri za kamera yake. Choyamba ndi kukula kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera. Makamera okwera mtengo ali ndi sensa ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Makamera ambiri amene achinyamata amayambira ali ndi sensa yocheperapo, yotchedwa APS-C, imene imangotenga pakati pa chithunzi. Pa makamera otere, mamilimita a lente amachulukitsidwa ndi 1.5 ngati ndi Nikon, Sony kapena Fujifilm, ndi 1.6 ngati ndi Canon. Motero 18mm pa Nikon D3500 imaona ngati 27mm, ndipo masekondi ake ndi 18, osati 27. Lente ya 50mm f/1.8, imene ojambula maukwati amaikonda chifukwa ndi yotchipa komanso yowala, imaona ngati 75mm, ndipo masekondi ake ndi 6 okha. Imatha kujambula Nsangwe kapena Akamwiniatsatana, koma Mlalang'amba sukwanamo.

Chachiwiri ndi pakamwa pa kamera, pomangira lente. Lente ya Canon siimangika pa Nikon, ndipo ya Nikon siimangika pa Sony popanda cholumikizira. Ngakhale kampani imodzi ili ndi mitundu ingapo: Canon ili ndi EF ndi RF, Nikon ili ndi F ndi Z. Makampani ngati Sigma, Tokina ndi Samyang amapanga lente imodzi yomweyo m'mitundu yosiyanasiyana, choncho potuma munthu kapena poitanitsa pa intaneti n'kofunika kutchula dzina lonse la kamera.

Ngodya za chithunzi ndizo zimaulula

Malente awiri akhoza kukhala ndi nambala zofanana koma n'kujambula mosiyana. Nyenyezi ndi kadontho ka kuwala, ndipo lente yabwino imaionetsa ngati kadontho, kaya pakati pa chithunzi kapena m'mphepete. Lente yosakonzedwa bwino imaonetsa nyenyezi za m'ngodya zili ndi mchira, kapena ndi timapiko ngati mbalame zikuuluka. Vutoli amalitcha coma. Pa chithunzi cha ukwati palibe angalione, koma pa thambo la usiku limaonekera poyera, makamaka lente ikatsegulidwa mpaka pamapeto.

N'chifukwa chake ojambula ambiri okhala ndi lente ya f/1.4 amaitseka pang'ono kufika pa f/2 kuti ngodya ziwongoke. Ngati lente ikufunika kutsekedwa mpaka f/4 kuti nyenyezi zioneke bwino, ndiye kuti ndalama za f/1.4 zija zinangopita pachabe.

Zinthu zina zimene zimakweza mtengo wa lente zilibe ntchito usiku. Makamera ambiri satha kulunjika okha pa nyenyezi mumdima, choncho wojambula amapotoza ndi dzanja. Chipangizo choletsa kunjenjemera, cholembedwa IS pa Canon ndi VR pa Nikon, chimazimitsidwa kamera ikakhala pa tripé, choimikira cha miyendo itatu. Lente yopanda zinthu ziwirizi imatsika mtengo koma imajambula nyenyezi chimodzimodzi.

Malente odziwika pa ntchitoyi

Samyang 14mm f/2.8, imene m'maiko ena imagulitsidwa ndi dzina la Rokinon, ndi imene ambiri amayambira. Mtundu wake wakale ndi wopotoza ndi dzanja, ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi anzake, ndipo nyenyezi za m'ngodya zimaoneka bwino. Pa kamera ya APS-C imaona ngati 21mm kapena 22mm. Galasi lake lakutsogolo ndi lotukuka, limafuna kusamala kuti lisakalike.

Tokina 11-16mm f/2.8 inapangidwira makamera a APS-C, monga a Canon ndi Nikon. Pa 11mm imalola masekondi pafupifupi 30, ndipo masana imathandiza kujambula mkati mwa tchalitchi kapena holo yopanikiza. Sigma 18-35mm f/1.8 nayo ndi ya APS-C. Siitambalala kwambiri ndipo ndi yolemera, koma ndi yowala, ndipo wojambula maukwati akhoza kuigwiritsa ntchito sabata iliyonse. Kwa amene ali ndi makamera a Sony a APS-C pali Sigma 16mm f/1.4. Pa makamera a sensa yaikulu, Nikon ndi Sony onse ali ndi 20mm f/1.8.

Wojambula amene kamera ndiyo munda wake aganizirenso ntchito za masana. Lente imene ingatuluke m'chikwama usiku wochepa pa chaka imachedwa kubweza ndalama, pomwe yogwira ntchito ponseponse imadzigula yokha.

Pogula lente yogwirapo kale ntchito

Lente yakale ikhoza kukhala yabwino, bola iyesedwe ndalama zisanaperekedwe. Wogula aunike ndi tochi kuchokera kumbuyo n'kusuzumira kutsogolo. Fumbi lochepa silivuta, koma timizere tooneka ngati ukonde wa kangaude ndi nkhungu yomera mkati chifukwa cha chinyezi, ndipo imawononga galasi. Apotoze mphete yolunjikira kuti amve ngati ikuyenda bwino. Kenako aimange pa kamera yake, aitsegule mpaka pamapeto, ajambule nyali yakutali ili pakati pa chithunzi, kenako m'ngodya zonse zinayi, n'kukulitsa zithunzizo. Ngati ngodya imodzi ndi yosaoneka bwino kusiyana ndi zinazo, magalasi amkati anasuntha, mwina lenteyo inagwapo. Imeneyo aisiye.

Usiku woyenera ndi kachitidwe kake

Lente yabwino siingathandize mwezi ukawala. Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuti ubwerere mwakale, ndipo masiku abwino ndi a mdima, amene asodzi a usipa amayatsa nyali zawo panyanja. Mu Juni pakati pa Mlalang'amba pamakwera kwambiri cha pakati pa usiku, mu Ogasiti cha m'ma 20 koloko. Kuyambira kumapeto kwa Ogasiti utsi wa moto wa m'tchire umayamba kuphimba thambo, choncho Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yodalirika. Okhala mumzinda wa Tete kapena ku Moatize ayenera kutuluka kunja, kutali ndi magetsi. Kumapiri a Angónia ndi Lichinga mame amagwira galasi, ndipo nyenyezi zimayamba kuzimirira. Wojambula aziliunika pafupipafupi.

Kamera ikhale pa tripé, kapena pa thumba la mchenga. Iikidwe pa M, lente itsegulidwe kwambiri, ISO ikhale 1600 kapena 3200, masekondi atsatire kawerengedwe kaja. Chizindikiro cha kutali cholembedwa pa lente sichikhala cholondola nthawi zonse. Njira yodalirika ndi kuloza nyenyezi yowala, kuikulitsa pa sikirini ya kamera, n'kupotoza mphete mpaka nyenyeziyo itachepetsetsa. Kamera iuzidwe kudikira masekondi awiri isanajambule, kuti dzanja lisaigwedeze.

Amene ali ndi 18-55mm asathamangire kugula. Ayambe wayesa imene ali nayo usiku umodzi wamdima: 18mm, f/3.5, masekondi 15, ISO 3200. Kumalo kopanda magetsi Mlalang'amba udzaoneka ndithu. Chithunzi chimenecho ndicho chidzamuuze chosowa. Ngati thambo silinakwane, afunika mamilimita ochepa. Ngati chada kapena chadzaza timadontho ngati mchenga, afunika nambala ya f yaing'ono. Ngati nyenyezi za m'ngodya zamera mapiko, afunika lente yokonzedwa bwino. Akadziwa zimenezi, akhoza kuitanitsa lente akudziwa chimene akulipirira.