Ilala ikapanda kubwera: zimene amalonda a ku Likoma amakhulupirira ndi zoona zake

"Ngozi zogwa mwadzidzidzi n'za anzathu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Kuno kulibe mtsinje wosefukira." Mawu otere samasowa mukamacheza ndi amalonda a ku Likoma, ndipo ali ndi pogwira. Namondwe wa Freddy, yemwe adapha anthu oposa 600 mu Marichi 2023, adasakaza kummwera. Koma kwa munthu wa bizinesi, ngozi si madzi olowa m'nyumba okha. Chilichonse choletsa katundu kufika m'sitolo, kapena choletsa nsomba kufika kwa ogula, n'chokwanira kugwetsa mpamba. Boma la Likoma, pamodzi ndi Chizumulu, lidali ndi anthu 14,527 pa kalembera wa 2018, ndipo shuga, sopo, simenti, malata, mafuta a injini ngakhale chimanga chambiri chimene anthuwa amadya zimachita kuwoloka nyanja. Nkhata Bay ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70. Nyanjanso imasefukira: mu 2024 madzi adakwera kwambiri mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Amene adamanga sitolo kapena thandala la usipa pamchenga penipeni asaiwale kuti nyanja yake ndi yomweyo.

Chikhulupiriro chozika mizu kuposa zonse n'chakuti Ilala imachedwa koma siilephera. Ndimamvetsa chifukwa chake anthu amaikonda sitimayi. Yanyamula agogo, makolo ndi zidzukulu, yanyamula odwala ndi ana asukulu, ndipo tsiku limene yaima pa Mbamba chilumba chonse chimadzuka. Komabe tinene zoona. Ilala idapangidwa ku Scotland mu 1949, idayamba kuyenda mu 1951, ndipo yapitirira zaka 70 ikugwira ntchito. Chombo cha msinkhu wotere chimayenera kupita ku Monkey Bay kukakonzedwa kawirikawiri, ndipo zakhala zikuchitika kuti chaima kwa masabata kapena miyezi. Zombo zina monga Chambo ndi Chilembwe zakhala zikuthandiza, koma sizinyamula katundu wochuluka ngati Ilala. Ulendo wa Ilala umakhala wa kamodzi pa sabata kupita kumpoto ndi kamodzi kubwerera. Ikaphonya ulendo umodzi wokha, wogula usipa wouma amakhala ndi matumba akudikira pagombe, chinyezi chikulowa, mtengo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ukusintha, pamene ngongole ya ku banki m'khonde siidikira.

Mwini golosale aliyense pa Mbamba kapena ku Makulawe angachite bwino kudzifunsa funso limodzi ndi kuliyankha ndi cholembera m'manja: sitima itaima lero, katundu amene ndili naye angandifikitse masiku angati? Si zonse zofunika kusunga zambiri. Mchere, sopo, shuga, mafuta ophikira ndi machesi siziwonongeka msanga ndipo zimagulidwa tsiku lililonse, choncho n'zoyenera kukhala ndi zapadera zokwana masabata angapo. Buledi ndi tomato ayi. Chachiwiri ndi kudziwana ndi eni mabwato odalirika nthawi ikadalipo, ndi kudziwa zimene zingapezeke tsidya lina la pafupi, ku Cobue ku Mozambique, komwe nkhuni ndi zakudya zina zakhala zikuchokera kuyambira kale. Mtengo wokambirana sitima ikuyenda umasiyana ndi mtengo wokambirana aliyense atasimidwa.

Ena amati kukamba za tsoka n'kuliitana. Izi zimandimvetsa chisoni, chifukwa zimatsekereza nzeru imene anthu a pachilumbachi ali nayo kale. Msodzi wa ku Likoma amadziwa kuti kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mwera umakuntha, ndipo mitambo ikasintha amakokera bwato kumtunda. Palibe amene amamunena kuti akulosera zoipa. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza za mwera pa wailesi, ndipo chenjezolo ndi la wamalonda yemwe, makamaka amene akufuna kukweza matumba a simenti m'bwato lodzaza kale ndi anthu. Mu Julaye 1946 sitima ya Vipya, ikadali yatsopano, idamira kumpoto kwa nyanjayi mphepo itakula, ndipo anthu 145 adataya miyoyo. Ngati chombo chachitsulo chidagonja, bwato lamatabwa lolemedwa mopitirira muyeso lingalimbe bwanji? Kugawa katundu maulendo awiri kumaoneka kodula, koma kuyika mpamba wonse m'bwato limodzi ndiko kodula zedi. Majekete odzitetezera pamadzi nawo asakhale okongoletsa chombo.

Palinso amene amati ndalama yotetezeka ndi imene ili m'katundu kapena m'kope la ngongole. Mu Novembala 2023 kwacha idatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene adali ndi katundu pashelefu adapumirako, koma amene adakongoza zambiri adalandira ndalama zosakwanira kuoda katundu wofanana ndi amene adatuluka. Kopelo nalo ndi pepala chabe: likanyowa kapena kupsa, palibe umboni. Kujambula masamba ake pa foni kumapeto kwa sabata sikulira ndalama. Ndipo ndalama zenizenizo zisakhale malo amodzi. Zina zikhale pa Mpamba kapena Airtel Money, zina m'manja, chifukwa netiweki imatha ndipo ma ejenti pachilumba amatha kusowa ndalama zopereka.

Za inshuwalansi anthu amati n'za makampani akuluakulu a mu Blantyre. Makampani a inshuwalansi amatetezanso sitolo yaing'ono ku moto, injini ya bwato, ngakhale katundu wapaulendo. Chofunika ndi kufunsa mosabisa ngati mgwirizanowo ukukhudza katundu wowoloka nyanja, ndi pa chombo cha mtundu wanji, komanso kusunga malisiti, poti popanda umboni wa zimene zidatayika chipukuta misozi chimavuta kutuluka.

Eni malo ogona alendo adaphunzira mowawa mu 2020, pomwe ndege zochokera kunja zidasiya kutera m'Malawi kwa miyezi ingapo chifukwa cha Covid-19. Alendo odzaona tchalitchi cha St Peter's, chomwe chidayamba kumangidwa mu 1903, adasowa, ndipo limodzi nawo kudasowa malonda a msodzi, wosema ziboliboli ndi mayi wogulitsa masamba. Kenako kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, idavutitsa kwambiri madera a m'mbali mwa nyanja. Bizinesi yodalira alendo akunja okha, kapena lesitilanti yosasamala za madzi ndi chimbudzi, imakhala yoyamba kutsekedwa.

Zambiri mwa izi munthu payekha sangazikwanitse. Amalonda a pa Mbamba, ogula nsomba ndi eni mabwato, khalani pansi pamodzi ndi khonsolo ya boma la Likoma mwera usanayambe. Gwirizanani za bwato limene mudzabwereke limodzi sitima ikadzaima, mtengo wake, malo ouma osungira nsomba, ndi munthu amene azidziwitsa onse za ulendo wa Ilala sabata iliyonse.