Mbalame za kuchisanu zimatera pa Chilwa

Chaka chilichonse, kuyambira Novembala mpaka Malichi, alendo achuma amakwera sitima zapamadzi ku Ushuaia m'dziko la Argentina, nalimbana ndi mafunde masiku awiri kuti akaone anamgumi ndi mbalame ku Antarctica, dziko la madzi oundana.

Koma munthu wa ku Mongue safunikira ulendo wotere, poti nyanja ya Chilwa ili pafupi. M'miyezi yomweyi mbalame zothawa chisanu cha ku Siberia zimatera m'madambo a nyanjayi, ndipo wopalasa bwato amazionera pafupi.

Chodandaulitsa n'chakuti nyanjayi imaphwa. Idauma mu 1968, 1995 ndi 2018. Mitengo ikatha m'mapiri, dothi limakokolokera m'nyanja. Tsono madzi akapita, mbalame, matemba ndi ndalama za asodzi zimapitira limodzi.